Njoka ya Ba Mubita Itakagona M'ndiwo za Kumsika

Ndiyambe ndi kunena kuti nzeru imene ndinachita inali yolondola. Ndikunena zimenezi poyambirira chifukwa mukamva mmene zinathera muyamba kuseka, ndipo munthu akayamba kuseka samvanso mfundo. Ine ndimakonza mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba kuno ku Livingstone, ndipo ndagwira ntchito imeneyi zaka zoposa khumi ndi zisanu. Kutentha, kuzizira ndi chinyezi ndiye munda wanga. Chimene sindinkachidziwa ndi njoka basi.

Mnzanga Ba Mubita timakhala moyandikana ku Libuyu ndipo timaimba limodzi kwaya kutchalitchi. Ntchito yawo ndi yoyenda m'malo ogona alendo, kuphunzitsa antchito kusiyanitsa njoka zoopsa ndi zopanda ululu, kuti asamangopha chilichonse chokwawa. Pophunzitsapo amakhala ndi njoka imodzi yoonetsa, yofiirira, yayitali ngati mkono wanga, yodya makoswe, yosaluma munthu mpaka kufa. Anaipatsa dzina loti Sepo, ndipo amaitchula ngati mwana wa m'nyumba. Lolemba lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anafika pakhomo panga atanyamula bokosi lapulasitiki lokhala ndi chivundikiro chobowolabowola.

"Bashi Mutinta, nili na vuto," anatero, akundiitana ndi dzina la mwana wanga monga timachitira kuno. "Amalume bamwalila ku Mongu, tinyamuka lelo na banyumba. Sepo siningakwele naye basi."

"Musiyeni kuno, ni kanjoka chabe," ndinayankha. (Ndinayankha nditaima patali masitepe anayi, koma mawu okha anatuluka amphamvu.)

Anatsegula pang'ono n'kundiuza kuti ndisuzumire. Maso a njoka ija anali otuwa ngati a munthu wodwala ng'ala, khungu lake lili mbuu. Ba Mubita anafotokoza kuti imeneyo ndi njoka yomwe yatsala masiku ochepa kuti ifundule, kuvula khungu lakale. Mkati mwa bokosilo munali nyuzipepala pansi, kambale ka madzi, ndi kakontena ka ayisikirimu kobowola pambali. M'kakontenamo munali kathaulo konyowa.

"Sazadya, musamugwile, musamuvute," anatero. "Nchito yanu ni imozi chabe, aka kakontena. Ndiye mwamene abisala. Kathaulo kankhale konyowa, osati madzi yambili, konyowa chabe. Kakauma, chikumba chizachoka zidutswa, china chizasalila ku menso, angafe menso. Na chivundikilo cha bokosi musachose."

"Ba Mubita, imwe muuza ine za chinyezi?"

"Awe, nakamba chabe. Manje bana Mutinta muzabauza?"

"Nyumba ino ni yanga," ndinatero, ndipo iwo anandiyang'ana nthawi yayitaliko asanathamangire basi.

Sindinawauze amake Mutinta, akazi anga, ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa bwino lomwe. Iwo amagulitsa ndiwo zamasamba mumsika wa Maramba, pa tebulo limodzimodzi zaka khumi ndi chimodzi. Repu, chibwabwa, kalembula, zonse zimachokera kwa alimi a ku Simonga, ndipo ndiwo zawo zimatha msanga kuposa za anzawo. Mumsika munthu malonda akamamuyendera, anthu safunsa kuti amadzuka nthawi yanji, amafunsa kuti ali ndi kanthu kanji. Mayi wa tebulo loyandikana nalo, bana Monde, anali atayamba kale kulankhula mophiphiritsa kuti masamba a anthu ena safota ngakhale dzuwa la Okutobala. Wamalonda akangomveka kuti kunyumba kwake kuli njoka, ndiye kuti wakhwimira malonda, ndipo palibe amagulanso chakudya kwa iye. Ndinaganiza kuti njira yotetezera dzina la akazi anga ndi yoti iwo eni ake asadziwe. Ndinaika bokosi lija m'kashedi kakuseri, pakati pa mafiriji akufa, n'kunena kuti muli zipangizo za kasitomala.

Kashedi kameneko ndi kamalata, denga ndi zipupa zomwe. Lachiwiri m'mawa ndinanyowetsa kathaulo kaja, nditavala magolovesi owotcherera zitsulo komanso nditagwira pulayazi yayitali. Pofika teni koloko kanali kouma gwa. Ndinanyowetsanso, n'kupita kukakonza firiji ya butchala m'tauni, ndipo pobwera ndinapeza kouma kachiwiri. Lachitatu ndinati vuto ndi kuchepa kwa madzi, ndiye ndinathira kapu yathunthu. Kakontena kanasanduka dziwe, nyuzipepala inasanduka phala, ndipo Sepo anatuluka n'kukadzikulunga pakona, akundiyang'ana ndi maso a ng'ala aja ngati apongozi amene wawapatsa tiyi wopanda shuga. Ndinaganizapo zoika bokosi lonse m'firiji yakufa n'kutseka chitseko kuti chinyezi chisathawe, koma ndinakumbukira kuti njoka imapumanso. (Mukuona kuti ndine munthu woganiza.)

Nzeru yeniyeni inabwera Lachinayi madzulo, nditakhala pakhonde. Amake Mutinta anali kukonza ndiwo zotsala. Anaziika m'beseni lalikulu, anaviika saka la chiguduli m'madzi, analipinda pawiri, n'kufunditsa pamwamba. Ndi mmene amachitira masiku onse, ndiye chinsinsi cha masamba osafota aja. Chiguduli chimasunga madzi nthawi yayitali, mphepo ikamadutsa madzi amauluka pang'onopang'ono, pansi pake pamakhala pozizira ndi ponyowa. Ndinamenya ntchafu. Zaka zonsezi firiji yopanda magetsi inali m'nyumba mwanga momwe! Masaka oterewa anali nawo awiri. Lachisanu m'mawa, iwo atapita kumsika ndi limodzi, ndinatenga linalo.

Apa ndiye pamene pali kamfundo kamene ena amati ndinalakwitsa. Saka lonyowa ukaliika pamwamba pa chivundikiro chapulasitiki, chinyezi sichilowa mokwanira, timabowo take n'tating'ono. Aliyense wodziwa ntchito yanga angakuuzeni zomwezo. Choncho ndinachotsa chivundikiro, ndinapinda saka pawiri monga amachitira eni ake, ndinalifunditsa pabokosi, ndipo m'makona onse anayi ndinatsindikiza ndi masipanala olemera. Mawu a Ba Mubita ndinawakumbukira, sikuti ndinaiwala ayi. Ndinangoona kuti iwo anaphunzira za njoka, osati za mpweya. Madzulo nditasuzumira pansi pa saka, m'bokosi munali mozizira bwino ngati m'mawa wa mwezi wa Juni, kathaulo kakadali konyowa, ndipo maso a Sepo anali atayera, ng'ala ija itachoka. Ndinanyada kwambiri moti ndinaimba nyimbo posamba.

"Bashi Mutinta, saka yanga ina simunaione?" anafunsa amake Mutinta tikudya.

"Kapena mphepo," ndinatero.

"Mphepo inyamula saka, isiya malaya yanu pa waya?"

"Mphepo ya masiku yano ni yosankha."

Loweruka ndi tsiku lalikulu kumsika, ndiwo zimabwera zambiri ndipo masaka amafunika onse awiri. Zimenezi ndinkazidziwa, kungoti sindinaziike pamodzi ndi zinazo. Amake Mutinta amadzuka kusanache bwino, ine ndimadzuka dzuwa litandipempha kawiri. Nditalowa m'kashedi cha m'ma seveni koloko, ndinapeza masipanala anayi ataikidwa bwinobwino pamwamba pa firiji, motsatana kukula kwake. Saka panalibe. Ndinasuzumira m'bokosi: nyuzipepala, kambale ka madzi, kakontena. Ndinatembenuza kakontena ndi pulayazi, munali kathaulo kokha.

Ndinasuntha mafiriji onse asanu ndi awiri ndekha, ntchito imene masiku ena ndimati imafuna anthu atatu. Kenako ndinakhala pansi n'kuganiza ngati njoka. Ukufuna kufundula, ukufuna pamalo ponyowa, pamdima, pothina, pokhakhala pamene ungadzikhulepo. Pamwamba pako pali chiguduli chonyowa chopinda pawiri, ndipo pakati pa mapindo awiriwo pali kampata. Ungakhalenso m'kakontena ka ayisikirimu chifukwa chiyani? Ndinali nditamangira Sepo malo obisalamo abwino kuposa a Ba Mubita, ndipo akazi anga anawanyamula n'kupita nawo ku Maramba.

Ndinakwera takisi nditavala patapata ndi malaya ogona nawo. Nditafika, msika unali utadzaza kale. Amake Mutinta anali kumanga repu m'mipukutu, saka limodzi litafunda ndiwo za patebulo. Linalo, lopinda pawiri, linali pansi pa tebulo, litafunda beseni la ndiwo zosungira. Ndinalizindikira chifukwa cha dontho la girisi pakona.

"Ah, bashi Mutinta!" anafuula bana Monde. "Mwasoba njila? Zaka zonse izi, lelo ndiye taona nkhope yanu mu maketi. Kuli maliro?"

"Nabwela chabe kuthandizako banyumba," ndinatero.

Amake Mutinta anayang'ana patapata wanga, kenako nkhope yanga. "Mwadwala?"

"Awe. Nipaseni saka ija ya pansi, nikainyowese ku pompi."

"Nanyowesa manje-manje."

"Yaoneka monga yauma."

"Bashi Mutinta, madzi yakali kudontha. Na saka yamene iyi naipeza mu shedi yanu, tizakambilana kunyumba."

Ndinayesa njira ina. Ndinati ndikufuna kutenga beseni lonselo, ndili ndi mnzanga amene ali ndi phwando. Anafunsa kuti mnzanga uti. Ndinatchula munthu amene tinamuika m'manda chaka chatha (dzina lake ndi limene linali pafupi), ndipo bana Monde anasiya kusankha tomato kuti amvetsere bwino. Ndinaganiza zongonena chilungamo monong'ona, koma m'mizere ya ndiwo mulibe kunong'ona, matebulo ndi ogundana ndipo makutu ndi aatali. Ndinangoima pafupi ndi beseni lija ngati mlonda, ndikudikira kuti akazi anga atembenuke kuti ndinyamule saka n'kuthawa nalo.

Sanatembenuke. M'malo mwake anafika Ba Namakau, mayi wamkulu amene ali ndi lesitilanti pafupi ndi siteshoni, kasitomala wa amake Mutinta kuyambira chaka choyamba. Iwo sagula za patebulo. Mwayi wawo ndi wosankha okha m'beseni la pansi, momwe muli masamba amene dzuwa silinawaone. Anapereka moni, anaika ambulera yawo pambali, anandikankha pang'ono ndi chigongono, n'kuwerama.

"Ba mayo, lekani nikuvundukulileni," ndinatero.

"Iwe, nili na manja."

Anakoka saka pakona imodzi, mapindo aja n'kutseguka. Choyamba kuoneka chinali khungu, loyera mbee, lalitali, lathunthu kuchokera kumutu mpaka kumchira, litakodwa pa chiguduli. Ba Namakau analitola ndi zala ziwiri poganiza kuti ndi pulasitiki. Analikweza m'mwamba kuti alione bwino, ndipo anthu a matebulo anayi analiona nawo limodzi. Kenako pakati pa masamba a chibwabwa panatuluka kamutu konyezimira ngati nsapato yopolisha, kakutulutsa lilime.

Sindinkadziwa kuti mayi wa msinkhu umenewo angalumphe thumba la anyezi. Kukuwa kunayambira pa mzere wa ndiwo, kunadutsa kwa ogulitsa kapenta, kunakafika mpaka kwa osoka zovala. Amuna okankha mawilibala anabwera ndi mitengo ndi njerwa. Koma mawu amene anamveka pamwamba pa onse anali a bana Monde.

"Nenze kukamba ine! Nenze kukamba! Ndiye chamene masamba siyafota! Onani, yavula na malaya, ili pa nyumba!"

Pano ndivomere chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Ndinaganiza kuti ndikangotseka pakamwa, anthu aipha, wina anena kuti yabwera ndi ndiwo kuchokera kumadimba a ku Simonga, ndipo Ba Mubita ndidzawauza kuti Sepo anathawa. Koma palibe amene ankanena za madimba. Anafika mayi wapampando wa komiti ya msika, amene onse amangowatchula kuti Ba Cheya, anayang'ana khungu lija, anayang'ana beseni, n'kunena kuti tebulo limeneli litsekedwe mpaka komiti ikhale pansi. Aliyense amadziwa kuti tebulo lotsekedwa pa nkhani yotere silitsegulidwanso. Amake Mutinta, munthu amene mawu ake amamveka kuchokera kumpopi mpaka kumsewu, anangoima manja ali lende.

"Ine nilibe njoka," anatero, ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo chikwatirane.

Ndinakuwa mosaganiza: "Ni yanga! Njoka ni yanga! Aba sibaziba chilichonse!"

Ba Cheya anandiyang'ana kuchokera ku patapata mpaka kumutu.

"Mwamuna aliyense angakambe so kuti apulumuse mukazi wake," anatero. "Ngati ni yanu, igwileni."

Magolovesi anali kunyumba. Pulayazi inali kunyumba. Sabata yonse ija chala changa chinali chisanakhudzepo njoka imeneyi, ndipo moyo wanga wonse ndinali ndisanakhudzepo njoka ina iliyonse kupatula ndi mwala. Ndinagwada pansi pa tebulo, ndinati "Sepo, Sepo" ngati ndikuitana nkhuku, ndinatseka diso limodzi, n'kulowetsa dzanja m'chibwabwa. Inali yozizira ndi yosalala. Inadzikulunga pamkono panga modekha, n'kulowetsa mutu m'dzanja la malaya. Ndinaimirira nayo. Pali anthu amene amanena kuti buluku langa linanyowa kutsogolo. Linanyowadi, koma ndinali nditagwadira saka lodontha madzi, ndipo nkhani imeneyo ithere pomwepo.

Ndinafotokoza zonse, kuyambira maliro a ku Mongu mpaka masipanala anayi. Ba Cheya anati ndiimbire mwini wake foni, onse amve. Wina anatulutsa foni m'thumba langa chifukwa dzanja langa lamanja linali ndi mlendo. Ba Mubita anayankha nyimbo za pamaliro zikumveka kumbuyo.

"Ba Mubita, nili mu Maramba maketi na Sepo."

"Mu maketi? Achita chani mu maketi?"

"Ni nkhani itali. Afundula."

"Afundula? Chikumba chachoka chonse? Onani ku mutu, tuma galasi twa menso tuliko?"

Ba Cheya eni ake anatola khungu lija ndi kamtengo, analiyang'anitsitsa, n'kuyankha mokweza kuti timagalasi tiwiri ta maso tilipo. Ba Mubita anafuula kuti Sepo sanafundulepo bwino chotero chibadwire, kenako anakumbukira kuti ali pamaliro n'kutsitsa mawu. Apo ndiye anthu anayamba kuseka. Mayi wina wogulitsa nyemba anati amawadziwa abambo a njoka amenewo, anabwerapo kuntchito kwa amuna ake. Okankha mawilibala anataya njerwa. Ba Cheya anagamula kuti tebulo lisatsekedwe, koma ndiwo za m'beseni zitayidwe, ndipo ine ndizibwera Loweruka lililonse kudzaima pamenepo kuti aliyense wofunsa ndizimuyankha ndekha. Bana Monde anati iwo sananene kanthu koipa, anthu ndi amene amamva molakwika. Ba Namakau anali atapita kale, ambulera yawo anaitumira munthu masana.

Kunyumba ndinayembekezera chimphepo. Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa, ndipo ndikanakonda kutukwanidwa. Amake Mutinta anachapa masaka onse awiri ndi sopo, anawayanika, anasamba m'manja, kenako anabwera kudzakhala pakhonde pafupi nane.

"Njoka sininaikwiyile," anatero. "Inafuna pozizila, inapapeza. Koma imwe, bashi Mutinta, munaziba chamene njoka ingachite ku zina yanga. Ndiye chifukwa munabisa. Munaziba, koma munatenga saka yanga."

Ndine munthu amene sasowa yankho. Makasitomala amene firiji yawo yafanso patangopita masiku awiri ndimawayankha mpaka amapepesa ndi iwo. Tsiku limenelo ndinayang'ana masaka akudontha pa waya mpaka anasiya kudontha.

Ba Mubita anabwera Lachiwiri n'kutenga mwana wawo. Makasitomala ambiri anabwerera mkati mwa sabata ziwiri, ena kudzagula, ena kudzaona mwamuna wogwira njoka ndi malaya ogona nawo. Ba Namakau okha ndi amene sanabwere. Loweruka lililonse ankadutsa mzere wathu maso ali kutsogolo, n'kukagula kwa mayi wina kumapeto, ndipo Loweruka lililonse ndinkaona akazi anga akuwatsatira ndi maso kenako n'kuyamba kukonza mipukutu imene inali yokonza kale. Zimenezo zinkandiwawa kuposa kusekedwa.

Anabwera Loweruka lachisanu ndi chimodzi. Anaima patali, analoza beseni ndi nsonga ya ambulera, n'kunena kuti, "Bashi Mutinta, vundukulani imwe." Ndinavundukula. Anati ndikutumule saka, ndinakutumula. Anati ndimasule mpukutu uliwonse, tsamba ndi tsamba, ndipo ndinamasula repu yense ndi chibwabwa chonse pamaso pawo, bana Monde akuonerera ngati mpira. Atakhutira anasankha mipukutu iwiri yokha, iwo amene kale ankanyamula theka la beseni. Anaikweza pafupi ndi maso, anainunkhiza, n'kunena monyinyirika kuti, "Koma masamba yanu, bana Mutinta, kulibe yolinganako."

Ndinaona kuti mpata wapezeka woti ndifotokoze mmene chiguduli chonyowa chimagwirira ntchito, ndiponso kuti ndi chifukwa chomwecho njoka inafundula bwino chotero. Ndinakoka mpweya, ndinakweza chala. Pansi pa tebulo, chidendene cha amake Mutinta chinatsika pa chala changa chachikulu cha kuphazi n'kukhala pomwepo, uku nkhope yawo ikumwetulira kasitomala.

"Mubwelenso, ba mayo," anatero.

"Nizaona," anayankha Ba Namakau.

Ndinatsitsa chala, ndinatseka pakamwa. Kutseka pakamwa ndaphunzira ndithu, kungoti mpaka pano kumafunabe phazi la munthu wina.